Mwana wanga akuti mwezi ukumutsatira, ndimuyankhe bwanji?

MayiWaAtatu
Moni nonse. Ndithandizeni nzeru. Dzulo usiku tikubwerera kunyumba pagalimoto, mwana wanga wa zaka 5 anangoti maso pawindo, duu. Kenako akuti, "Amayi, mwezi ukutitsatira. Tikaima nawonso ukuima." Ndinamuuza kuti mwezi sutsatira munthu. Iye akuti, "Nanga bwanji mitengo yonse yatsala koma mwezi sunatsale?" Ine kukamwa yasa. Titafika anakauza mkulu wake kuti mwezi umakonda iyeyo. Ndiye ndikufunsa, maganizo otere tiziwakonza pomwepo kapena tiziwasiya akaphunzire kusukulu? Ndinene zoona, yankho lenileni nanenso ndilibe.

Kadzidzi
Funso la mwanayo si lamasewera. Ndi angati pano angaliyankhe asanagwire foni?

Bambo_Chete
Musiyeni mayi. Tonsefe mwezi unatitsatirapo tili ana, koma lero tili bwinobwino. Zimagweruka zokha ngati mano oyamba.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi, ndinaphunzitsa ana ang'onoang'ono kwa zaka zambiri, ndiye mundilole nditalikitseko. Nkhani yagona pa kutalika kwa mtunda. Mtengo wa m'mbali mwa msewu uli pafupi, mwina mamita 10. Galimoto ikangosuntha pang'ono, mtengo umene unali kutsogolo uli kale kumbuyo, kuti muuone mpaka mupotoze khosi. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000. Muyende makilomita 50, mbali imene mukuuonera sisintha moti diso n'kuzindikira. Ndiye zonse zikuthawira kumbuyo, mwezi wokha uli pomwepo, mutu n'kumasulira kuti ukuyenda nafe.

Manambalawa musamuuze, angomusokoneza. Tsiku lina masana muli paulendo, mufunseni kuti chikuyamba kutsala n'chiti pakati pa mpanda wa pafupi, mtengo wa patali pang'ono, ndi phiri. Aona yekha kuti chinthu chikakhala kutali chimachedwa kutsala. Akagwira pamenepo, mwezi ungokhala ngati phiri lakutali zedi.

Ndipo musade nkhawa kuti wanu yekha ndiye akuganiza choncho. Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland, ankafunsa ana mafunso otere m'zaka za m'ma 1920, ndipo anamva zomwezi, kuti dzuwa ndi mwezi zimawatsata akamayenda.

MayiWaAtatu
Zikomo aphunzitsi. Mwaphunzitsa mayi musanaphunzitse mwana.

Namzeze
A Bambo_Chete sindikugwirizana nanu. Mwana akalakwitsa muuzeni zoona nthawi yomweyo. Ine wanga akati dzuwa lapita kokagona ndimamuuza kuti ayi, dziko ndi limene latembenuka. Bodza ukalilekerera limamera mizu.

Tsabola_Wakale
Ndiye akamva kuti dziko latembenuka amamvetsa, kapena amangobwereza kuti mumusiye?

Namzeze
Amabwereza molondola. Kumvetsa kudzabwera pambuyo.

BamboWaMapasa
A Namzeze, nanenso ndinkaganiza ngati inu mpaka mapasa anga anandisambitsa chokweza. Ali ndi zaka 7. Ndinawauza kambirimbiri kuti dziko ndi lozungulira ngati mpira, ndipo ukawafunsa ankayankha bwinobwino. Tsiku lina ndinawapatsa mapepala kuti ajambule dziko ndi anthu okhalamo. Mmodzi anajambula mpira, m'kati mwake n'kudula mzere pakati, anthu n'kuwaimika pamzerepo. Akuti ife timakhala m'kati, pansi pathyathyathya, ndipo chigawo cha pamwambacho ndi thambo. Winayo anajambula maiko awiri, mpira m'mwamba pafupi ndi dzuwa, ndi nthaka pansi pomwe panali nyumba yathu. Ndimufunse, akuti, "Lozunguliralo ndi lija mumanena lija, ili ndi lomwe timapondali." Onse awiri mawu anga anawasunga, sanatayepo ndi limodzi lomwe. Koma zomwe zinali m'mitu mwawo si zomwe ndinkaganiza kuti ndaikamo.

Mphunzitsi_Wopuma
Bambo, ana anuwo ajambula ndendende zomwe ofufuza awiri, Stella Vosniadou ndi William Brewer, anafalitsa mu 1992 atafunsa ana a m'makalasi oyambirira. Anapeza dziko lathyathyathya, dziko ngati chimbale chokhala ndi malire oti munthu n'kugwa, maiko awiri, mpira wamphako wokhala ndi anthu m'kati, ndi mpira wophwatalala pamwamba pomwe anthu amaimapo. Chomwe chimachitika n'chakuti mwana ali ndi zinthu ziwiri zomwe sangazikayikire: nthaka yomwe akuponda ikuoneka yathyathyathya, ndipo chinthu chopanda pokhala chimagwa pansi. Kenako munthu wamkulu amene amamukhulupirira akumuuza kuti dziko ndi mpira. Sataya chilichonse mwa izi, amazisokerera pamodzi kuti zigwirizane. Ndi nzerutu zimenezo. Ngati simukhudza funso lobisikalo, loti nanga anthu a kunsi kwa mpirawo bwanji sagwa, mawu oti "lozungulira" amangomatika pamwamba ngati utoto.

Namzeze
Chabwino, koma sizikutanthauza kuti tizikhala chete. Ndikadapanda kumuuza, akanasokerera chiyani?

Mphunzitsi_Wopuma
Pamenepo mukunena zoona, ndipo sindikuti musamuuze. Palibe mwana angatulukire yekha kuti dziko ndi mpira pongoyang'ana pabwalo. Ndikungoti mukamuuza, mufunseninso kuti iyeyo akuziona bwanji m'mutu mwake. Chojambula chimaulula zambiri kuposa yankho la pakamwa.

Nyenyezi_Yammawa
Wanga ndi nkhani ya juzi. Akuti juzi lili ndi moto m'kati. Tsiku lina ndinamupeza atakulunga chidole m'juzi, akudikira kuti chitenthe. Patapita ola akuchigwira, chili chimodzimodzi, akuti juzilo lawonongeka.

Bambo_Chete
Imani kaye. Juzi silitenthetsa? Nanga timalivaliranji?

Tsabola_Wakale
Aja amati zimagweruka zokha ngati mano aja ndi awa.

Bambo_Chete
Sekani, koma yankhani.

Kadzidzi
Achimwene, chotenthetsa ndi thupi lanu. Juzi ntchito yake ndi kutchinga kuti kutenthako kusathawe msanga. Pakati pa ulusi wake pamakodwa mpweya, ndipo mpweya wongokhala sudutsitsa kutentha mwachangu. Chidole sichipanga kutentha, ndiye palibe choti juzi lisunge. Ngati mukukayika, tengani zidutswa ziwiri za ayezi zofanana, china muchikulunge m'juzi, china muchisiye pambalambanda. Funsani ana kaye kuti chiyambe kusungunuka n'chiti. Pafupifupi onse ati cha m'juzi. Koma cha m'juzicho n'chimene chichedwe, chifukwa juzi likutchinga kutentha kwa m'chipinda kuti kusachifikire.

Chinanso chofanana ndi ichi: gwirani mwendo wachitsulo wa mpando, kenako thabwa la mpando womwewo. Chitsulo chimamveka chozizira kwambiri, pomwe zonse zagona m'chipinda chimodzi ndipo n'zotentha mofanana. Chitsulo chimangokoka kutentha kwa dzanja lanu mwachangu kuposa thabwa. Khungu limamva liwiro lomwe kutentha kukuchokera m'thupi, silipima ngati chopimira kutentha.

Bambo_Chete
Za ayezizo ndiyesa ndekha ana atagona.

GogoWaMafunso
Ine adzukulu anga amandisangalatsa pa nkhani ya zamoyo. Wa zaka 4 amati moto ndi wamoyo chifukwa umayenda, umadya nkhuni, ndipo ukauthira madzi umafa. Mtambo ndi wamoyo, mtsinje ndi wamoyo. Koma mtengo akuti si wamoyo chifukwa umangoima. Ndinafuna kumutsutsa pa za moto koma ndinasowa pogwira. Umadyadi, umakula, umafuna mpweya, mpaka umaberekana ukagwira tchire. Nanga si ife tomwe timati moto wafa, dzuwa lalowa, mphepo yakwiya? Ana amatimva tikulankhula choncho tsiku ndi tsiku, ndiye tidabwe chiyani?

Kambalame
Agogo mwandikumbutsa. Wanga anafunsa ngati galimoto imamva kupweteka ikaphulika tayala.

Mphunzitsi_Wopuma
Agogo, mwakhudza pomwe pamavuta kwambiri m'kalasi. Kwa mwana wamng'ono chizindikiro chachikulu cha moyo ndi kuyenda, makamaka kuyenda kopanda wokankha. N'chifukwa chake mtambo umalowa m'gulu la zamoyo mtengo n'kutsala kunja. Ine ndinkawapatsa njere kuti aike pa thonje lonyowa m'kapu yoonekera, pafupi ndi kamwala kofanana kukula. Tsiku lililonse ayang'ane. Njere ikutulutsa muzu, muzu ukulunjika pansi, kamtengo kakupindikira kuwindo komwe kuli kuwala, mwala uli phee. Atatha masiku angapo ndi iwowo amayamba kunena kuti kambewuka kakufuna dzuwa. Za moto ndivomere, ngakhale ana a zaka 10 ndinkalimbana nawo. Yankho lenileni lili pa maselo, tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi la chamoyo, ndi pa zomwe kholo limapatsira mwana wake, ndipo zimenezo sizioneka ndi maso.

Kadzidzi
Poti tafika pa mitengo, ndiyese akuluakulu. Kanjere kakang'ono kamasanduka chimtengo cholemera matani. Kulemera konseko kumachokera kuti? Osafufuza.

Kambalame
M'nthaka, kudzera m'mizu.

Namzeze
Nthaka ndi madzi.

MlimiWaMaluwa
Funso lanji limeneli? Mtengo umadya m'dothi, aliyense akudziwa.

Kadzidzi
Ana amayankhanso chimodzimodzi, kuti mizu ndi kamwa ndipo dothi ndi chakudya. Ngati ndi choncho, bwanji pansi pa mtengo waukulu sipakhala chidzenje chofanana ndi mtengowo? Munthu wina wa ku Brussels, Jan Baptist van Helmont, anayesa zimenezi ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1648 iye atamwalira kale. Anadzala kamtengo ka msondodzi kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono m'dothi louma lolemera pafupifupi makilogalamu 90, n'kumangothirira madzi kwa zaka 5. Pomaliza mtengo unalemera makilogalamu oposa 75, koma dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Iye anaganiza kuti zonse zachokera m'madzi, ndipo pamenepo anaphonya pang'ono. Mukaumitsa mtengo, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni, ndipo kaboniyo amachokera mumpweya wa carbon dioxide womwe masamba amakoka, n'kuuphatikiza ndi madzi mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa. Thabwa lomwe mwakhalapolo mbali yake yaikulu inali mpweya.

MlimiWaMaluwa
Ndiye feteleza timathiriranji ngati mbewu imadya mphepo? Siyani kuthira muone.

Kadzidzi
Simukulakwa. Mbewu imafunadi michere ya m'nthaka monga nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu, ndipo ikasowa imafwifwa. Koma imafunika yochepa poyerekeza ndi thupi lonse la mbewu. Otchani chipika chachikulu, muone kaphulusa kotsala. Kochepako ndi komwe kakuonetsa michere yambiri yomwe mtengo unatenga pansi. Zina zonsezo zabwerera m'mwamba komwe zinachokera.

MlimiWaMaluwa
Za phulusazo zandigwira. Koma kumtima ndikukanabe.

Tsabola_Wakale
Ndi m'menetu mwana amamvera mukamamuuza kuti dziko likuzungulira iye atakhala phee pampando.

Mphunzitsi_Wopuma
Chomwe chimatchinga apa, kwa ana ndi akulu omwe, ndi maganizo oti mpweya si kanthu. Botolo lopanda madzi timati mulibe kanthu. Ndiye kumva kuti chinthu cholimba chingapangidwe kuchokera ku "palibe kanthu" mutu umakana. Ana ndinkawayambira patali: kapu yozondoka, pepala louma atalikanikiza kunsi kwake, n'kuimiza m'beseni la madzi. Pepala limatuluka louma. Ndiye funso, chaletsa madzi kulowa n'chiyani? Mwana akavomereza kuti m'kapu muja munali chinthu, zambiri zimayamba kutseguka, ngakhale ija ya madontho a kunja kwa tambula ya madzi ozizira, omwe ana amati adutsa m'galasi pomwe ndi chinyontho cha mumpweya chomwe chasanduka madzi chitakhudza pozizira.

Chimwemwe_22
Ine ndi mkulu wanga tinakangana mpaka kukwiyitsana pa nkhani ya mwana wake. Mwanayo anati mwala waukulu umafika pansi msanga kuposa waung'ono, bambo ake n'kumuvomereza. Ndinawauza kuti ayi, anandiseka onse awiri.

Kadzidzi
Akanangoponya miyala iwiri kuchokera pakhonde nkhani ikanatha. Koma musawaseke kwambiri, Aristotle, katswiri wakale wa ku Greece, ankaphunzitsa zomwezo ndipo anthu ophunzira anazikhulupirira kwa zaka pafupifupi 2,000, kufikira nthawi ya Galileo, wasayansi wa ku Italy. Maganizowa ali ndi pochokera, chifukwa tsamba ndi nthenga zimachedwadi kugwa. Chozichedwetsa ndi mpweya. Tengani mapepala awiri ofanana, lina mulifinye likhale kampira, muwagwetse limodzi. Kulemera n'kumodzi koma lofinyidwa liyamba kufika. Mu 1971 David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga ali pamwezi, pomwe palibe mpweya wotchinga, ndipo zinafika pansi nthawi imodzi.

Diso_Lakuthwa
Inu mukukhulupiriradi kuti anthu anapita kumwezi? Zija anajambula m'nyumba.

Tsabola_Wakale
Ndinadziwa kuti afika ameneyu.

Diso_Lakuthwa
Ngati anapitadi, bwanji mbendera inkaoneka ngati ikuuluzika kopanda mphepo?

Chimwemwe_22
Inali ndi kandodo m'mphepete mwa pamwamba koiyala, ndipo inkagwedezeka akamapotoza mtengo wake pozika. Maulendo otera pamwezi analipo 6 pakati pa 1969 ndi 1972, anthu 12 anapondapo. Onsewo mukuti ndi sewero?

Diso_Lakuthwa
Ndalama zimagula chilichonse.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za kutera pamwezi tsegulani mutu wake wapadera. Pano tikuthandiza mayi ndi mwana wawo.

MayiWaKamtsikana
Ndibwezereko ku za zamoyo, chifukwa ine zinandikhudza mwanjira ina. Kamwana kanga ka zaka 4 kanapeza mbalame yakufa pakhomo. Kanaiika m'katoni, n'kuikamo madzi m'kachivindikiro, kakuti ikadzuka imwe. M'mawa kanapita kukayang'ana. Kanandifunsa kuti idzuka liti, ndipo ngati tiikwirira ipuma bwanji. Apa sindinathe kuseka ngati za mwezi zija. Ndinangoti yagona, koma usiku womwewo kanakana kugona, kakuti kakuopa kuikidwa m'katoni.

GogoWaMafunso
Pepani mwanangu. Mawu oti "yagona" ife timawanena pofuna kufewetsa, koma mwana amawatenga momwe alili. Kwa iye wogona amadzuka, ndipo ngati wogona sadzuka ndiye kuti tulo n'toopsa. Ine ndinaphunzira kunena mwachindunji koma mofatsa: thupi lake lasiya kugwira ntchito, siipumanso, siimva njala, siimva kuzizira kapena kupweteka, ndipo siidzukanso. Adzafunsanso mawa ndi mkuja funso lomwelo. Muzingoyankha chimodzimodzi osatopa.

Mphunzitsi_Wopuma
Agogo anena bwino. Pa msinkhu umenewo ana ambiri amaona imfa ngati ulendo kapena tulo, chinthu chobwereka. Kumvetsa kuti sibwereka, kuti thupi limasiyiratu zonse, ndi kuti imafikira chamoyo chilichonse, kumabwera pang'onopang'ono, kwa ambiri cha pakati pa zaka 5 ndi 7. Ndipo kumayendera limodzi ndi kumvetsa kuti m'thupi muli ziwalo zogwira ntchito yosunga moyo. Mwana amene akudziwa kuti mtima umapopa magazi ndipo mapapo amakoka mpweya savutika kwambiri kumva tanthauzo la kuima kwake. A Bambo_Chete, apa ndi pomwe sindingavomere zongosiya.

Bambo_Chete
Pa imfa ndavomera. Ndipo ayezi uja ndayesa. Wa m'juzi akadalipo, winayo ndi madzi okhaokha. Mkazi wanga akufunsa chomwe juzi lake lanyowera.

Namzeze
Ine ndayesa za chojambula zija. Wanga wajambula mpira bwinobwino, anthu kuzungulira konse, mapazi kuloza pakati. Ndinayamba kunyada. Kenako ndamufunsa kuti munthu wa kunsiyo akataya mpira ugwera kuti, wajambula muvi wolunjika kunsi kwa pepala, kunja kwa dziko. Ndiye ntchito ikadalipo.

Kadzidzi
Muyambire pomwepo. Kwa iye "pansi" ndi mbali imodzi ya chilengedwe chonse. Sanafike poona kuti pansi ndi kulikonse kolunjika pakati pa dziko. Tembenuzani pepalalo mozondoka mumufunsenso funso lomwelo, muone nkhope yake.

MayiWaAtatu
Ndabwera ndi lipoti. Tinayesa za phiri masana. Anaona yekha kuti mpanda ukutsala msanga, mtengo wa patali ukuchedwa, phiri likuchedwa koposa. Ndinati basi tapambana. Ndiye ndamufunsa kuti waphunzirapo chiyani, akuti, "Phiri nalonso limanditsatira, koma limatopa msanga. Mwezi sutopa."

Tsabola_Wakale
Ameneyu mumusunge bwino, adzatilamulira.

Mphunzitsi_Wopuma
Sanabwerere m'mbuyo mayi, waika phiri ndi mwezi m'gulu limodzi, ndipo ndi pomwe timafuna. Tsopano usiku wa mwezi muwatulutse awiri ndi mkulu wake, aimirire mofulatirana, wina ayende uku wina uko, aliyense akuyang'ana mwezi. Kenako muwafunse kuti watsatira ndani.

MayiWaAtatu
Tachita usiku uno. Wamkulu akuti unatsatira iye, wamng'ono akuti ayi unatsatira iye, mpaka misozi. Ndawalekanitsa. Pogona wamng'onoyo wandinong'oneza kuti mwina miyezi ilipo iwiri, ndipo akufuna mawa tikayese ndi bambo ake tione ngati ikwane itatu.